Pangano la Mudzi pa Nkhani ya Mowa

Phunziro ili liwerengedwe pa msonkhano wa mpingo kapena pa bwalo la mudzi m'mwezi wa Epulo kapena wa Meyi, malonda a mbeu asanayambe. Wowerenga azipuma pa mutu uli wonse, kuti akumva anenepo maganizo ao.

1. Cimene amai apeza m'mawa

Tonsefe tidziwa nyengo imene mudzi usandulika. Cimanga cikalowa m'nkhokwe, thonje likapita ku sikelo, soya ndi nshawa zikagulidwa, ndalama imene inasowa caka conse ifika m'manja mwa anthu pa masabata owerengeka okha. Ndiyo nyengo ya cimwemwe, pakuti ana alandira zobvala, ngongole zibwezedwa, ndipo ena akhoma malata pa nyumba zao. Koma ndiyonso nyengo imene usiku wa Loweruka ucedwa kutha. Ndipo kukaca, amai opita kukatunga madzi ndiwo ayamba kuona zimene zacitika.

Apeza mkono wa mjigo wapindika, cifukwa anyamata anayeserapo mphamvu pobwera ku mowa. Mphunzitsi apeza magalasi a mazenera ali mbwee pansi, ndi citseko cathyoka. Pa kiliniki nyali ya sola yaswedwa ndi mwala, kotero kuti mai amene adzabala usiku wotsatawo adzaunikidwa ndi tochi. Pa siwa, pamene anthu anadza kudzalira, panamveka kutukwana ndi ndeu. Ndipo mpira wa midzi iwiri unatha ndi miyala.

Tsono tifunse: alipira ndani? Wopinda mjigoyo ali mtulo m'nyumba mwace. Koma mkazi wa mnansi wace abwerera ku citsime ca kudambo, kumene ng'ombe zimwa, ndipo pakapita masiku mwana wace ayamba kutsegula m'mimba. Komiti ya mjigo iyenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama, nilowa ngakhale kwa mai wamasiye amene sanalawepo mowa cibadwire. Ana a sukulu aphunzira ali pa mphepo m'mwezi wa Juni. Cifukwa cace munthu wonena kuti, "Ndalama ndi yanga, mmero ndi wanganso," sanatsirize mau ace. Ndalama ndi yace ndithu. Koma mjigo si wace, zenera si lace, ndi tulo ta anansi si tace. Nkhani ya mowa ikaturuka pakhomo yasanduka nkhani ya mudzi, ndipo mudzi uyenera kunenapo.

2. Mowa wa kale ndi mowa wa lero

Ena adzati, Kodi mowa wayamba lero? Makolo athu sanali kumwa kodi? Inde, anali kumwa. Koma taonani kusiyana kwace. Mowa wa masese unali kutenga masiku angapo kuufulula, ndipo ukapsa unayenera kumwedwa msanga usanasase. Unali kufululidwa pa cifukwa: pa dima, pa bona, pa ukwati. Anthu anali kumwa pabwalo nchito itatha, cipanda ciri kuyenda pamaso pa akulu, ndipo ana sanali kukhalapo. Sitinena kuti masiku amenewo kunalibe ndeu, iai. Koma mowa unali ndi tsiku lace, malo ace ndi oyang'anira ace.

Mowa wochezedwa pa moto uli wina. Dzina lakuti kacasu linacokera ku mau a Cipwitikizi akuti cachaça, ndipo dzinalo lokha litiuza kuti ndi mlendo. Mowa wotere susasa. Ulowa m'thumba la malaya. Ugulidwa tsiku liri lonse, m'mawa ndi usiku womwe, ndipo mwana angathe kuunyamula osaoneka. Mphamvu yacenso iri yosiyana. M'mowa wamba wa m'mabotolo coledzeretsa cikhala ngati magawo 5 pa 100. M'mowa waukali wa ku mafakitale cifika ngati magawo 40 pa 100. Koma m'kacasu wa kumudzi palibe woyesa, kotero kuti wakumwa sadziwa cimene wameza.

Coledzeretsaco cikalowa m'mwazi cifika ku ubongo, ndipo ciyamba kugonetsa mbali ija imene ithandiza munthu kudziletsa, kucita manyazi ndi kuganizira za mawa. Miyendo ndi manja zikali ndi mphamvu, koma munthuyo afanana ndi ngolo imene ng'ombe ziri kuthamanga nayo woyendetsa atagona. Ndico cifukwa cace mnyamata wofatsa masana athyola citseko usiku. Ciwindi ndico cicotsa mowa m'mwazi, ndipo cigwira nchito yace pang'ono pang'ono: botolo limodzi la mowa wamba licitengera ola lathunthu kapena kuposapo. Kusamba madzi ozizira kapena kumwa tiyi sikufulumiza ciwindi.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, World Health Organization, linawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu 2.6 miliyoni anafa cifukwa ca mowa, ndipo mwa iwo oposa 700,000 anafa ndi kubvulala, monga pa ngozi za pamseu, pa ndeu ndi podzipha. Bvuto limene tiliona pa mjigo wathu ndi bvuto la mitundu yonse ya anthu.

3. Lamulo la Boma ndi malire ace

M'caka ca 2011 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inapanga lamulo latsopano la malonda a mowa, lochedwa Liquor Licensing Act. Mwa lamuloli wogulitsa mowa ayenera kukhala ndi cilolezo cocokera ku khonsolo, kusunga maola otsegulira ndi otsekera, ndi kukana kugulitsa kwa mwana wosakwana zaka 18. Zaka zimenezo dziko linali litadzala ndi tujilijili, timatumba tija ta pulasitiki ta mowa waukali timene tinali kugulidwa ndi ndalama yocepa, ngakhale ndi ana a sukulu. M'mwezi wa Epulo 2012 nduna yoyang'anira makhonsolo, Mai Nkandu Luo, analetsa kupanga ndi kugulitsa timatumba timeneti. M'caka ca 2018 Boma linakhazikitsanso ndondomeko ya dziko lonse pa nkhani za mowa.

Zimenezi zinali zabwino, ndipo tiyenera kuziyamikira. Koma tonse tinaona cimene cinatsata. Timatumba tinacepa, koma mowa womwewo unabweranso m'timabotolo, ndipo migolo ya kacasu sinaleke kuwira kuseri kwa midzi. Lamulo lilembedwa ku Lusaka. Khonsolo ikhala ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi. Wapolisi angakhale pa mtunda wa maola ambiri pa njinga. Usiku umene mwala uponyedwa pa zenera la sukulu, palibe mmodzi wa iwo ali pafupi. Amene tiri pafupi ndife. Lamulo lifanana ndi mpanda wa dimba: wina angakumangireni wolimba, koma ngati mwini sayendera m'mawa kutseka pamene mbuzi zaboola, ndiwo zidzatha mpanda ulipo.

4. Amai a ku Dubagunta

Kuti tione cimene mudzi ungathe kucita, timve mbiri yocokera kutali, ku dziko la India, kwa alimi osauka onga ife. M'cigawo ca Andhra Pradesh boma linali kupeza ndalama zambiri pa mowa waukali wochedwa arrack, umene unali kufika m'midzi m'timatumba ta pulasitiki, monga tujilijili tinali kufikira kuno. Amuna ambiri anali kumwera malipiro a tsiku lonse, ndi kumenya akazi ao pofika kunyumba. M'mudzi wa Dubagunta, m'boma la Nellore, amai anali kusonkhana pa sukulu ya akulu yophunzira kuwerenga. Pamenepo anayamba kuuzana zowawa zao, ndipo ali yense anazindikira kuti misozi imene anaiyesa ya m'nyumba mwace mokha inali ya mudzi wonse. Mmodzi wa otsogolera anali Rosamma, mai wamasiye amene mwamuna wace anafa ndi mowa. Anapangana, naima pamodzi, nakaniza ogulitsa kulowetsa arrack m'mudzi mwao.

Mbiri yao inalembedwa m'buku lophunzirira kuwerenga, ndipo amai a midzi ina poiwerenga anacita cimodzimodzi. M'caka ca 1992 nkhaniyi inafalikira m'midzi mazana ambiri, kufikira amai anatsekereza misika imene boma linali kugulitsirapo zilolezo za mowawo. M'mwezi wa Okutobala 1993 arrack analetsedwa m'cigawo conse, ndipo mu Januwale 1995 ciletsoco cinakula, cinakhudzanso mowa wa m'masitolo. Koma mverani mapeto ace. M'caka ca 1997 ciletso cacikuluco cinacotsedwa, pakuti boma linasowa ndalama za msonkho, ndipo mowa wozembetsa unali kulowa kucokera ku zigawo zoyandikana.

Tiphunzirapo zinthu ziwiri. Coyamba, mphamvu inayambira pansi, pa amai amene anali kuphunzira kumene kulemba maina ao, tsiku limene analeka kulira yense payekha. Pakuti mutu umodzi susenza denga. Caciwiri, cimene boma lipereka, boma lingathe kucicotsanso. Potero mudzi usaike ciyembekezo cace conse pa ciletso cocokera ku likulu. Cimene ciri m'manja mwace tsiku ndi tsiku ndico pangano limene eni mudzi apangana okha, nalisunga okha.

5. Pangano likhale lotani?

Coyamba, lipangidwe poyera. Anyakwawa aitane mudzi wonse: amuna, amai, anyamata, aphunzitsi, komiti ya mjigo, akulu a mipingo yonse, ndiponso ofulula ndi ogulitsa mowa eni ace. Pangano lopangidwa iwo palibe adzaliyesa ciwembu, nadzaliphwanya usiku woyamba. Zimene zabvomerezedwa zilembedwe m'buku, ziwerengedwe kuti onse amve, ndipo zikaonetsedwe kwa mfumu yaikulu ndi kwa apolisi. Mudzi sungaloleze cimene lamulo liletsa, monga malonda a kacasu. Koma ungathe kutseka mipata imene lamulo silifikapo.

Caciwiri, likhale ndi mau ocepa amene ali yense angawakumbuke. Mowa usagulitsidwe m'mawa anthu asanaweruke ku munda, kapena usiku itapita nthawi imene mudzi wapangana. Usagulitsidwe pafupi ndi sukulu, mjigo, kiliniki kapena nyumba ya maliro. Mwana asagulitsidwe mowa, ndiponso asatumidwe kukagula, ngakhale womtuma ndi atate wace. Wogulitsa asalandire cikole ca khasu, mbeu, feteleza kapena cimanga ca m'nkhokwe, pakuti wolandira zotere adya nsima ya ana a mnzace. Ndipo munthu amene wayamba kudzandira asapatsidwenso.

Cacitatu, woononga akonze. Mlandu usaweruzidwe usiku, pamene mutu wa wolakwa ndi mitima ya olakwiridwa ziri zotentha. Uweruzidwe kutaca, pa bwalo. Mau akuti "Ndinali woledzera" asalandiridwe monga cowiringula, pakuti munthuyo anayamba kumwa ali ndi nzeru zace zonse. Akulu anati, pepani sapoletsa cironda. Woswa galasi agule galasi, naliike yekha ana a sukulu ali kuona. Wopinda mjigo alipire wokonza, ndipo azitungira madzi nkhalamba kufikira mjigo utakonzeka. Akakana, nkhani ipite ku Local Court kapena kwa apolisi, pakuti kuononga katundu dala ndi mlandu m'malamulo a dziko.

Cacinai, pasakhale cikoti. Mudzi ukatopa, msanga pamveka mau akuti, "Mmangeni pa mtengo, alawe mkwapulo." Musatero, abale. Kumenya munthu ndi mlandu, angakhale womenyayo ndi nyakwawa kapena mlonda wa mudzi. Ndipo makhoti a Boma eni ace analeka cilango ca cikoti, cimene cinacotsedwa m'malamulo a milandu m'caka ca 2003. Cikoti sicibwezera galasi pa zenera. Cibala cidani pakati pa mabanja, ndipo mawa nkhokwe ya wina ipsa.

Cacisanu, pakhale alonda. Pa masabata a malonda, ndi pa masiku a ukwati, maliro ndi mpira, anthu okhwima maganizo aziyenda awiri awiri kapena atatu atatu, osanyamula zibonga ndi osalawa mowa. Kumene kuli gulu la Community Crime Prevention Unit agwirizane nalo. Nchito yao yaikulu si kugwira anthu, koma kuoneka, ndi kuperekeza woledzera kwao asanafike pa mjigo. Amene wakomoka ndi mowa amgoneke cammbali, osati cagada, kuti angatsamwe ndi masanzi, ndipo asamsiye yekha; akapanda kudzuka pomgwedeza, athamange naye ku cipatala.

Cacisanu ndi cimodzi, wogulitsa apezeredwe njira ina. Ambiri ophika kacasu ndi amai amasiye kapena osiyidwa, amene apeza pamenepo mcere, sopo ndi mayunifomu a ana. Kuuza mai wotere kuti "Lekani" osamuonetsa podyera, ndiko kumtuma kukabisa mgolo wace kuthengo. Gulu la banki ya m'mudzi limlandire. Apatsidwe malo ku dimba. Ndipo anthu amene anampempha kuleka akhale oyamba kugula thobwa, zitumbuwa ndi ndiwo zace.

Cacisanu ndi ciwiri, anyamata apatsidwe gawo. Munthu safulumira kuononga cimene anacikhetsera thukuta. Aikidwe m'komiti ya mjigo, naphunzire kuukonza. Aumbe njerwa za sukulu. Mpira wao ukhale ndi akulu oonerera, ndipo uzitha dzuwa lisanalowe. Mnyamata amene mudzi umkumbuka pa tsiku la mlandu lokha sadzauyesa mudziwo wace.

6. Zimene zigwetsa pangano

Mdani woyamba ndi tsankho. Tsiku lidzafika limene woswa zenera adzakhala mphwa wa anyakwawa, kapena mwana wa mkulu wa mpingo. Tsiku limenelo mudzi wonse udzakhala cete ndi kupenya. Akalipira monga alipirira mwana wa mmphawi, pangano lakhazikika. Akamasulidwa, pangano lafa tsiku lomwelo, ngakhale buku lace likali m'bokosi.

Mdani waciwiri ndi cikho caulere. Mtsogoleri kapena mlonda amene alawa kwa wogulitsa osalipira wadzitseka pakamwa yekha, ndipo sadzathanso kudzudzula.

Mdani wacitatu ndi kuiwala. Pangano liziwerengedwanso caka ndi caka malonda asanayambe, ndipo mlembi aziuza mudzi zimene zinaonongeka caka capitaco, amene anakonza, ndi amene akali ndi ngongole. Anthu alimba mtima akaona kuti mazenera osweka ali kucepa.

Mdani wacinai ndi kubisa milandu yaikulu. Kuswa galasi kungathere pa bwalo. Koma kubvulaza mkazi, kapena kuipitsa mwana, si nkhani yothera pa mbuzi kapena m'manja mwa ankhoswe okha. Dziko liri ndi lamulo la m'caka ca 2011 loletsa nkhanza zotere, ndipo kwa apolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yolandira madandaulo amenewa. Mudzi umene uteteza mjigo ndi kusiya mkazi womenyedwa wayamba nchito yace cakumbuyo.

7. Gawo la mpingo

Mjigo sufunsa munthu kumene apemphera. Cifukwa cace mpingo usayese panganoli lace lokha, kapena kulisandutsa ndodo yomenyera anthu akunja; koma anthu ace akhale oyamba kulisunga, oyamba kusonkha, ndi oyamba kubvomera pamene mwana wao walakwa. Amai a Cigwirizano, amene adziwa makomo onse, angathe kucita kuno cimene amai a ku Dubagunta anacita kwao. Alangizi a mabanja aphunzitse mwamuna ndi mkazi kukhala pansi mbeu zisanapite ku sikelo, ndi kugawa ndalama ya feteleza, ya sukulu ndi ya cipatala isanafike m'thumba.

Tikumbukenso kuti pali wina amene mowa wamgwira monga nthenda: anjenjemera m'mawa kufikira atamwa, nalonjeza ndi misozi, nagwanso. Munthu wotere akaleka mwadzidzidzi angathe kugwa ngati wakhunyu, kapena kusokonezeka mutu, ngakhale kufa kumene. Ayenera kuthandizidwa ndi a cipatala. Kumuika pa cilango nthawi zina nkoyenera, koma cilango cokha sicidzamciritsa. Akulu amyendere, amperekeze ku cipatala, ndipo akagwa amyenderenso. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma mnansi weniweni satha pa kutsina khutu.

Cimanga ciri kuuma m'minda, ndipo ogula ali pafupi kupacika masikelo ao. Nkhani iyi isathere pa kugwedeza mitu. Musanabalalike lero, sankhani anthu awiri kapena atatu amene adzapita kwa anyakwawa sabata ino kukapempha tsiku la bwalo.

Mafunso okambirana

1. Ndi zinthu ziti za mudzi wathu zimene zinaonongeka cifukwa ca mowa caka catha, ndipo analipira ndani?

2. Mowa wa makolo usiyana bwanji ndi mowa wochezedwa, pa mphamvu yace ndi pa kamwedwe kace?

3. Tiphunzira ciani pa cimene cinacitika ku Andhra Pradesh m'caka ca 1992, ndi cimene cinacitika m'caka ca 1997?

4. Mai wamasiye wophika kacasu m'mudzi mwathu tingamthandize ndi ciani mwezi uno?

5. Woononga akakhala mwana wanu, mudzanena ciani pa bwalo?